Chithunzi cha malemu amayi, dipoziti ya theka ndi pepala la malamulo lomwe linapsetsa mtima amalume

Chichokereni ku chiliza cha amayi anthu sakundipatsa mpata, aliyense akufunsa kuti chithunzi chija chinali patebulo pambali pa nkhata anajambula ndani, zinali ndalama zingati, nanga munamupeza bwanji. Ena mpaka kumaimba usiku ngati kwagwa zovuta. Nde ndati ndingofotokoza kamodzi zonse mmene zinayendera, zokoma ndi zondinyansa zomwe, chifukwa dzanja la mtsikana amene anajambulayu ndi labwino koma kachitidwe kake si kamene tinazolowera kuno ku Zomba, ukapita chimbulimbuli ukhumudwa tsiku loyamba lomwelo ngati mmene ndinakhumudwira ine. Dzina lake ndi nambala sindilemba poti sindinamupemphe, ndipo muona kutsogoloku kuti kwa iyeyu nkhani ya kupempha kaye si yamasewera.

Amayi anatisiya mu 2021. Zithunzi zawo zinalipo zambiri mu alubamu, koma mvula ya Freddy ija mu Malichi 2023 denga la kuchipinda linadontha masiku angapo osalekeza, alubamu inali pansi penipeni mu sutikesi yansalu, mmene timadzaitsegula zithunzi zinali zitamatana, ukati umatule nkhope imatsalira tsamba linalo. Zinapulumuka ziwiri basi. China ndi kaja ka pasipoti saizi komwe anajambulitsa ali ndi zaka mwina 40, china ndi cha ku Mvano atavala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, koma aima kumbuyo pakati pa azimayi anzawo, nkhope kukula kwake ngati njere ya nyemba. Ndinapita nacho ku situdiyo ina mtauni kuti achikulitse, zomwe zinatuluka zinali ngati munthu waima mu chifunga cha pa Ku Chawe m'mamawa wa mu Juni, maso osaoneka, mphuno kaya ili pati.

Mwana wa achemwali anga amene ali pa Chanco, pepani ine ndimatchulabe Chanco olo kuti chiyambire 2021 ndi University of Malawi, ndi amene anandiuza kuti kuli mtsikana anaphunzira zojambulajambula pompo, amakhala ku Matawale, amajambula nkhope ndi makala ndi penisulo. Anandionetsa ntchito zake pa Facebook, agogo ena ali ndi makwinya oti ungawerenge limodzilimodzi, ndinangoti basi ndi ameneyu. Ndinamulembera pa WhatsApp mwachizolowezi, muli bwanji asisi, nkhope imodzi ndi zingati. Anandilonjera bwinobwino mwaulemu, kenako m'malo mwa mtengo kunabwera PDF ya masamba awiri, pansi pake atalemba kuti anti muyambe mwawerenga ichi, mukagwirizana nazo mundiyankhe kuti ndavomera, kenako tiyambepo.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ine mayi wamkulu, mphunzitsi, mwana woti ndikanatha kumuphunzitsa sitandade 5 akundipatsa malamulo ngati ndikukatenga ngongole ku banki? Kuno telala wa pakhonde la sitolo timangomuuza pakamwa, kalipentala wa ku Chinamwali amene anandikhomera kabati tinangogwirana chanza, kamwa ndi lomwe limagwira ntchito, zikavuta timakangana kenako timakhululukirana pa maliro a wina. Munthu akakutulutsira pepala musanayambe ndi komwe, ife timamva ngati akuti ndiwe wakuba. Ndinamusiya masiku awiri osayankha. Tsiku lachitatu ndinayang'ananso chithunzi cha chifunga chija, ndinatsegula PDF.

Choyamba chimene chinandibaya ndi dipoziti. Theka la mtengo musanayambe, ndipo akangoika penisulo papepala ndalama imeneyo sibwerera olo musinthe maganizo. Saizi ya A3 nkhope imodzi anandiuza K80,000, nde K40,000 inkafunika pompopompo. Ndinayesa kunenerera kuti ndipereke kaye K15,000 poti mwezi unali pakati, anakana mofatsa, nkunditumizira chithunzi cha pakona pa chipinda chake. Panali mapepala asanu ndi limodzi atayedzekedwa kukhoma, nkhope zomaliza bwinobwino, bambo wina wa tayi, ana awiri amapasa, mkwati ndi mkwatibwi. Akuti onsewa eni ake anati tidzalipira pomaliza, ena chibwenzi chinatha chithunzi chisanathe, ena anangosiya kuyankha foni. Nde anandifunsa kuti anti, telala mukamuthawa deresi amagulitsa kwa wina, kalipentala bedi amagulitsa, nanga ine nkhope ya amayi anu ndingagulitse kwa ndani? Ndinalibe choyankha. Pepala lokhuthala lomwe amajambulapo ndi kamankhwala kopopera kuti makala asafufutike sizipezeka mu magolosale athu ano, amayitanitsa ku Blantyre, zina zimachokera ku Joni, ndipo akadetsa pepala limodzi ndi nkhope ya munthu ndekuti lapita.

Mzere wotsatira unati mtengo umene wakuuzani ndi wa masiku 14, akadutsa musanapereke dipoziti muyenera kufunsanso. Apa sindinatsutse nkomwe chifukwa tonse tikukumbuka Novembala 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, pamwamba pa 25 peresenti ija ya mu Meyi 2022. Iyeyo akuti nthawi imeneyo anali atalonjeza anthu mitengo ya Khirisimasi kuyambira Okutobala, zipangizo zinakwera asanagule, anagwira ntchito Disembala yense ngati waganyu wolipidwa madeya. Munthu amene amagula shuga dziko lino sangadabwe ndi mzere umenewu.

Tsono kalipiridwe, pomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ambiri mwandifunsa kuti simunaope kutumiza ndalama kwa munthu simunamuone. Ndinaopa. Amalandira pa Airtel Money, pa Mpamba ndi ku akaunti ya banki, ndipo chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi choti papepala paja analembapo manambala onse ndi dzina lenileni lomwe lituluke pa foni musanaike PIN, nkuwonjezera kuti likatuluka dzina lina musatumize, ndipo wina akakuimbirani kapena kukulemberani kuti nambala yasintha ameneyo si ine. Mukudziwa mmene zilili masiku ano, mafoni aja oti ndine ejenti ndatumiza ndalama molakwika mundibwezere, kapena mwana wanu wagwa kusukulu tumizani ya thiransipoti, mpaka anthu amaseka kuti ena amaimba ali mkati mwa mpanda wa ndende. Nde nditadina *211# nkuona dzina lomwe lili papepala latuluka ndendende, chala chinasiya kunjenjemera.

Koma sikirinishoti salandira. Analemba mwa zilembo zazikulu kuti umboni wa malipiro ndi ndalama yomwe yafika kwa iye, osati chithunzi cha meseji. Mukatumiza mumupatse nambala ya thiranzakishoni, iye amalowa yekha kuona balansi, akaona kuti yakwera ndi pomwe amakutumizirani risiti, kachithunzi kolembedwa bwino, nambala ya risiti, deti, ndalama yomwe mwapereka ndi yomwe yatsala. Ndinamufunsa mwanthabwala kuti ndiye simukhulupirira aliyense eti, akuti anti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Anapusitsidwapo kawiri, wina anangosintha manambala pa meseji yakale ndi ka pulogalamu ka pafoni, wina anatumiza meseji wamba yolembedwa mofanana ndi ija ya kampani, iye ali mu minibasi sanayang'ane kuti yachokera pa nambala ya munthu.

Lamulo limeneli linadzandiluma ine mwini pa ndalama ina yomwe ndinatumiza pambuyo pake. Unali usiku, magetsi atathima, sinditchula kuti ndinadzera njira iti, kwa ine ndalama inachoka koma kwa iye kunali zii. Ndinamutumizira sikirinishoti mwachizolowezi, anangoyankha kuti ndaona anti koma tidikire ifike. Ndinagona ndi mkwiyo usiku umenewo, maganizo oti kapena ndadyeredwa. Cha m'ma 6 koloko m'mawa risiti inali italowa kale pa foni yanga ndi mawu oti yafika, pepani pokudikiritsani. Sanachite cholakwa, anatsata zomwe analemba ndipo ine ndinavomera, koma mawu amodzi ondilimbitsa mtima usiku uja akanathandiza, pena pake mtsikanayu amauma ngati pepala lake lomwelo.

Chomwe sindinagwirizane nacho mpaka lero ndi ya kutapa. Analemba kuti wotumiza pa foni awonjezere ndalama yoti iye akatapire kwa ejenti. Ndikudziwa kuti aliyense amatero, ngakhale wogulitsa makala amati muikepo yotapira, koma munthu amene wafika polemba malamulo masamba awiri akanangowerengera zimenezo mu mtengo nkunena nambala imodzi. Zimachititsa kuti uyambe kufunsa ejenti kuti K40,000 amadula zingati, utumize, kenako uuzidwe kuti yaperewera K300. Ndi zazing'ono koma zimachotsa ulemu wa ntchito yonse.

Theka lachiwiri anati alipira achimwene anga a ku Johannesburg, ndipo apa ndi pomwe ndinazindikira kuti tsamba lachiwiri la pepala lija silinalembedwere ife. Lonse ndi la makasitomala akunja, mitengo mu madola, nkhani za PayPal, njira ija yolipirira pa intaneti, zoti wogula asadzabweze malipiro atalandira kale chithunzi. Atandifotokozera ndinamva ndithu, akuti pa PayPal wogula amakhala ndi masiku 180 oti akhoza kudandaula kuti sanalandire katundu, ndiye wojambula ngati alibe umboni wa zomwe anagwirizana, mameseji ndi zithunzi za ntchito ili mkati, ndalama ikhoza kubwerera kwa wogula chithunzi atatenga kale. Nchifukwa chake amasunga chilichonse. Anavomera yekha kuti mbali imeneyi anaonera kwa ojambula akunja pa intaneti, ndipo zimaonekeratu, Chingerezi chake ndi china, cholimba ngati cha loya. Zabwino kwa mzungu amene wagula zosema pa Ku Chawe nkufuna chithunzi cha galu wake, koma kunja kwathu ife ndi Joni, ndipo achimwene anga amene amagwira ntchito ya m'munda kwa bwana wina PayPal sakuidziwa nkomwe, iwo amadziwa Mukuru basi. Papepala panalibe liwu limodzi la Mukuru kapena randi.

Achimwene poyamba anafuna apatsire marandi dalaivala wina wa thiraki amene amabwera kuno, akuti akasinthidwa pamsika wakuseri atuluka ambiri. Mtsikana anakana, akuti ndalama yodzera m'manja mwa anthu atatu ikasowa palibe pogwira, iye akufuna njira yosiya mapazi. Anatumiza pa Mukuru, koma powerengera anagwiritsa reti yomwe anamva kwa anzawo sabata yapitayo osayang'ana yomwe inalembedwa tsikulo, ndalama inafika yoperewera K2,300. Pepala limati chowerengedwa ndi makwacha omwe afika, ndiye ndinangowonjezera ine mwakachetechete, achimwene mpaka pano akudziwa kuti analipira theka lonse okha ndipo amanena pagulu, asiyeni.

Tsopano mzere umene ndinauseka powerenga koyamba koma ndi umene unapulumutsa chithunzichi. Unati kusintha kwaulere ndi kawiri, pa nthawi ya sikechi, kachitatu mulipira K8,000, ndipo pabanja pakhale munthu mmodzi yekha wolankhula ndi wojambula. Ndinati nanga vuto lili pati. Patatha masiku asanu anatumiza sikechi yoyamba, mizere yopepuka chabe, atalemba dzina lake mopingasa pankhope kuti wina asaithawitse. Ine ndi chisangalalo ndinaiponya pa gulupu ya banja. Mayo ine. Gulupu imeneyo tilimo anthu 23. Azakhali akuti mphuno yakula, mlongo wanga wamng'ono akuti ayi mphuno ili bwino koma masaya, achemwali akuti awachepetseko zaka asaoneke okalamba, wina akuti awayeretseko pang'ono, msuweni wa ku Lilongwe amene amayi anawaona mwina katatu moyo wake wonse anatumiza voisi noti ya mphindi zinayi yofotokoza maso. Achimwene ku Joni akuti poti ndalipira ndine, avale chipewa chija ndinawagulira. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu 23 singajambule mphuno imodzi. Awiri anapeza nambala ya mtsikana uja nkumulembera mwamseri, onse anawayankha chimodzimodzi, pepani ndikulankhula ndi anti okha, muwauze iwo.

Nde zinandikakamiza kukhala pansi ndekha usiku, zithunzi ziwiri zija patebulo, kuganiza kuti kodi amayi ndimawakumbuka bwanji ineyo. Ndinapeza zinthu zitatu zokha. Kampata ka pakati pa mano akutsogolo komwe pa pasipoti saizi sikaoneka poti anatseka pakamwa. Kachipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere, anagwa ndi mtolo wa nkhuni akutsika phiri ali mtsikana, nkhani yomwe ankatiuza nthawi zonse tikamadandaula kutunga madzi. Ndi mmene ankamangira duku, mfundo yake inkakhala pambali pang'ono osati kumbuyo kwenikweni. Ndinamulembera zitatuzo. Za kuyeretsa khungu ndi kuchotsa makwinya sindinatumize, azakhali anandinyanyalira masiku atatu.

Sikechi yachiwiri itabwera ndinali mu sitafu rumu nthawi ya buleki, ndinatsegula nkuitseka msanga, ndinatuluka kukaima kuseri kwa kalasi. Anangotsegula milomo pang'ono pokha, kampata kaja nkuonekera, basi amayi anali atabwera. Kusintha kwachiwiri ndinangopempha kuti kolala ya bulauzi ikhale yonga ya Mvano yeniyeni, K8,000 ija sinandikhudze.

Nkhondo yeniyeni inabuka pa matisheti. Pokonzekera chiliza tinagwirizana kuti tisindikize matisheti 40 a banja, ndipo aliyense ankangoti chithunzi chilipo kale, tingojambula ndi foni nkupereka kwa osindikiza. Ine ndinakumbuka kuti papepala panali mzere wa zimenezi, nditabwererako unati mukagula chithunzi mwagula pepalalo, mupachike, mupatse wina, ndi lanu, koma kuchulukitsa pa malaya, nsalu, makalendala kapena mapulogalamu ndi chilolezo china, K25,000 ngati ndi za pabanja zosagulitsa, ndipo iye amapereka fayilo yoyera yosikanidwa bwino. Nditanena izi pa msonkhano wa banja ku Songani, amalume, eni mbumba, anaimirira. Akuti nkhope ya mlongo wanga, wobadwa naye bere limodzi, ndikapemphe chilolezo kwa kamwana ka ku Matawale? Anachita kumubereka ndi iyeyo? Anthu anaseka koma ambiri anali mbali yawo, ndipo kunena zoona nanenso theka la mtima wanga linali komweko.

Ndinamuimbira mtsikana uja amalume ali pompo, foni pa laudi. Sanakweze mawu. Anati agogo, nkhope ndi ya mlongo wanu, palibe angakulandeni, zithunzi ziwiri zija mukhoza kusindikiza matisheti 1,000 ine osanenapo kanthu, koma chomwe mukufuna kuika pa malaya ndi masiku anga omwe ndinakhala ndi makala m'manja. Anatchulanso kuti lamulo la Copyright la 2016 limateteza zojambula, osati nyimbo zokha ngati mmene ambiri timaganizira tikamva za COSOMA, bungwe loteteza ntchito za anthu aluso. Amalume anangoti hmm, ana a masiku ano, nkukhala pansi. Sanavomere koma sanaletse. Tinasonkha K25,000 ija, ndipo fayilo yomwe anatumiza inatuluka bwino pa tisheti mpaka kachipsera kaja kamaoneka, pomwe tikanajambula ndi foni kudzera pa galasi bwenzi titavala chifunga china. Maganizo anga ndi oti mzerewu ndi wachilungamo koma uli pamalo olakwika, wabisala pansi pa tsamba loyamba. Munthu akangonena kuti chithunzi ndi cha maliro, chiliza kapena ukwati, iye azinena pakamwa tsiku loyamba kuti za matisheti zili chonchi, chifukwa kwathu kuno mwambo wopanda yunifolomu kulibe.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi inandikomera. Pepala limati iye ali ndi ufulu woika ntchito yake pa Facebook ndi Instagram kuti ena aone, pokhapokha kasitomala akakana. Ine ndinakana, sindinafune amayi azizungulira pa intaneti anthu osawadziwa nkumaikapo timitima ndi ndemanga. Sanafunse chifukwa, anangolemba pa risiti yomaliza kuti sichidzaikidwa, ndipo ndakhala ndikusuzumira, sanaike. Palinso kamzere koletsa kulowetsa chithunzi chake mu mapulogalamu a AI aja osintha nkhope, mwana wa achemwali anafuna awayendetse maso amayi ngati kanema, ndinamuletsa ndisanakumbuke nkomwe za lamulolo, zinandiopsa ine.

Pomwe anandilakwira ndi nthawi. Tinagwirizana masabata atatu kuchokera tsiku la dipoziti, anachedwa ndi masiku asanu, ndipo sanayambe ndi iye kundiuza, ndinachita kufunsa. Chifukwa chake chinali chomveka, anadwala malungo, koma apa ndi pomwe ndinaona kuti pepala lija limayang'ana mbali imodzi. Kasitomala akachedwa kulipira pali chochitika, akachedwa kuyankha sikechi kupitirira sabata amapita kumapeto kwa mzere, akapanda kudzatenga chithunzi masiku 30 pali ndalama yosungira. Nanga wojambula akachedwa? Palibe olo mzere umodzi. Akadwala mwezi wathunthu, chiliza nkudutsa, dipoziti yanga ili pati? Ndinamuuza maso ndi maso kuti asisi malamulo anuwa ali ngati a landilodi, onse ndi a wobwereka nyumba. Anaseka, kenako anasiya kuseka nkuti ndi zoona anti, sindinaganizepo. Mwayi wake ndinayamba msanga, tinatsala ndi masabata awiri.

China ndi fulemu. Ine mmutu mwanga K80,000 inali ya chithunzi chopachika, kufika tsiku lotenga ndi pomwe ndikuona kuti ndi pepala lokha pakati pa makatoni awiri. Zinalembedwa, inde, nditabwerera ndinazipeza, koma mu Chingerezi chija chomwe maso amangodutsa. Fulemu ndi galasi zinandidya K22,000 ina kwa bambo wina mtauni amene iye yemweyo anandilozera. Ndipo ili ndi dandaulo langa lalikulu pa zonse, pepala lonse ndi Chingerezi. Ine ndinawerenga poti ndi ntchito yanga, koma azakhali kapena amalume akanangoyankha kuti ndavomera osadziwa chomwe avomera. Iye amati liwu loti ndavomera la pa WhatsApp limamukwanira ngati umboni poti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lozindikira mauthenga a pafoni ndi pakompyuta, chabwino, koma munthu kuvomera chomwe sanamve ndi mkangano womwewo umene pepala limafuna kupewa.

Tinakumana pafupi ndi msika waukulu masana a Lachisanu, anabwera wapansi atakumbatira makatoni aja pachifuwa, kamtsikana kochepa thupi, zala zakuda ndi makala mpaka m'zikhadabo. Sanandipatse pamsewu, anati tilowe pakhonde pasakhale fumbi, anapukuta manja pa siketi, nkutsegula pang'onopang'ono atagwira m'mphepete mokha. Tsitsi la imvi lomwe limatulukira pansi pa duku analijambula limodzilimodzi, ena akuti amachita kufufuta ndi kalabala kosongoka kuti kuyera kutuluke. M'maso munali kadontho koyera kamodzi mbali iliyonse, kakang'ono ngati njere ya mpiru, koma ndi kamene kamachititsa kuti ukasuntha uziona ngati akukutsata. Mayi wina wogulitsa nthochi anasuzumira nkuti awa ndi a Mvano awa, a mpingo uti? Anandiuza kuti ndisakhudze pankhope ndi chala, ndisapachike moyang'ana dzuwa kapena khoma lomwe limachita chinyezi nthawi ya mvula, zomwe kuno kunsi kwa phiri ndi makoma ambiri. Anandisainitsa pa kope lake kuti ndalandira chili bwino. Pobwerera nditaika fulemu ndinakana kabaza, ndinalipira mipando iwiri mu minibasi, umodzi wa amayi.

Zonse pamodzi zinakwana K127,000 osawerengera zotapira. Pa dzanja lake ndikumupatsa 10 pa 10 mosaganiza kawiri. Pa kalandiridwe ka ndalama 8, marisiti ake ndi dzina lolembedwa papepala zinandigonetsa tulo kupatula usiku umodzi uja, ndachotsa ziwiri chifukwa cha yotapira ndi kusowa kwa njira ya ku Joni. Pepala la malamulo 6, likufunika Chichewa, likufunika mzere wonena chomwe iye adzachite akachedwa, ndipo za fulemu ndi matisheti zikwere pamwamba. Ngati ndinu munthu wokonda kunenerera mpaka wogulitsa atatopa, kapena mukufuna chithunzi mawa, ameneyu si wanu, mungokangana.

Sabata yatha ananditumizira PDF yatsopano, akuti anti poti ndinu aphunzitsi mundikonzereko Chichewa. Waikamo zoti akachedwa kupitirira sabata popanda kugwirizana adzachotsa gawo la mtengo, ndipo Mukuru yalowamo. Yotapira sanachotse. Ndinamukonzera masipelo, mawu oti dipoziti tinakangana ngati tilembe chikole, ine ndinati chikole ndi china, tinasiya dipoziti yemweyo.

Amalume aja pa tsiku la chiliza anavala tisheti pamwamba pa shati ya kolala, ndipo mwambo utatha ndinawapeza aima okha patebulo paja manja kumbuyo, nthawi yaitali ndithu. Dzana andiimbira, akuti ali ndi kachithunzi ka malemu agogo aamuna ka pa chitupa chakale, kodi kamwana kaja kangathe? Ndawauza kuti kangathe, koma ayambe amva pepala, ndidzawawerengera Loweruka. Akuti iwe ukakambe nako, dipoziti ndipereka mbewu zikagulidwa. Ndawauza kuti amalume, mtengo wake ndi wa masiku 14.